Ndowa za Mmisiri ndi Cithunzithunzi ca Mtengo

Pa masamu onse amene ndinaphunzira ndili mwana, amene ndakumana nao kawirikawiri kunja kwa sukulu ndi aja olinganiza zinthu ziwiri kapena zitatu, amene m'Cingelezi amawachula kuti ratio. Mmisiri womanga nyumba amawagwiritsa nchito, mlimi nayenso, ngakhale mai wothira mcere m'ndiwo za alendo. Ana ambiri amawaopa masamu amenewa, ndipo ine ndiganiza kuti cifukwa cake ndi ici: iwo anazolowera kuonjeza, pamene masamuwa afuna kuculukitsa.

Tiyeni tiyambe ndi konkire. Amisiri ambiri posanganiza konkire amatsata muyeso uwu: ndowa imodzi ya simenti, ndowa ziwiri za mcenga, ndi ndowa zinai za miyala. Polemba timati 1 : 2 : 4. Tsono tinene kuti mmisiri wathira ndowa 3 za simenti. Mwana waphuma adzati, "Pa simenti taonjeza ndowa ziwiri, basi tionjezenso ziwiri pa mcenga ndi ziwiri pa miyala." Potero apeza 3, 4 ndi 6. Taonetsetsani ziwerengero izi, ana inu. Poyamba miyala inaposa simenti kanai, koma tsopano iiposa kawiri kokha. Msanganizo umenewu suli uja woyamba ai, ndipo simenti, imene ili ya mtengo wapatali, yangoonongeka. Mmisiri wodziwa nchito yake amati, "Simenti ndathira katatu, cotero mcenga katatu, miyalanso katatu," napeza 3, 6 ndi 12.

Nthawi zina funso limadzera kwina. Pafunika ndowa 35 za zinthu zonsezo pamodzi. Kodi za simenti zikhale zingati? Apa werengani magawo poyamba. 1 ndi 2 ndi 4 apanga magawo 7. Gawani 35 ndi 7, ndipo mudzaona kuti gawo limodzi ndilo ndowa 5. Mukapeza gawo limodzi, zotsalazo sizibvuta: simenti 5, mcenga 10, miyala 20. Ziphatikizeni muone ngati zikwana 35.

Dziko lathu lonse linacitapo masamu otere. M'caka ca 1968, pamene Zambia inaleka mapaundi ndi mashileni, paundi imodzi inasinthidwa ndi makwacha 2, ndipo shileni imodzi ndi ngwee 10. Munthu wa mapaundi 7 analandira makwacha 14. M'caka ca 2013 ndalama zinasinthanso, makwacha 1,000 akale nasanduka kwacha imodzi yatsopano. Wosadziwa kulinganiza pa masiku otero adalira cifundo ca wogulitsa m'sitolo.

Koma cimene cinandikondweretsa koposa ndinaciona kwathu, m'mudzi wina kufupi ndi Katete. Pafupi ndi nyumba ya agogo panali mtengo wautali wa bulugamu umene ciswe cinadya patsinde. Akulu anapangana kuti augwetse mphepo ya dzinja isanadze. Mbali imodzi kunali nyumba, mbali ina kunali dimba la nthoci. Ena anati, "Ugwere ca kunyumba kuno, sufika, tisaononge nthoci." Ena anakana. Panalibe munthu wofuna kukwera mtengo wobvunda kuti akauyese, ndipo mkangano unakula.

Amalume, amene anagwirapo nchito ndi anthu oyesa miseu, sanalowe nao mkanganowo. Anatenga nsungwi ya mamita 2 naiimika ciriri padzuwa, nandiitana. "Mphwanga, tayesa cithunzithunzi ca nsungwi iyi." Ndinayesa, ndipo cinali mamita 3. "Tsopano fulumira, kayese ca mtengo, kuyambira patsinde." Cimeneco cinali mamita 27. Pamenepo anakhala pansi nalemba pa dothi ndi cala. Anati, "Mamita 3 ali onse a cithunzithunzi aimira mamita 2 a msinkhu. Mu 27 muli ma 3 angati?" Ndinayankha kuti 9. "Nanga 9 kawiri?" Ndinati 18. Tinayesanso kucokera patsinde kufika pa khoma la agogo, ndipo tinapeza mamita 15 okha. Onse anakhala cete. Anyamata anamanga cingwe, nakokera mtengowo kudimba. Nthoci zina zinathyoka, ndipo azakhali anadandaula masiku atatu, koma agogo anagona m'nyumba mwao usiku umenewo.

Mwina mwadabwa cifukwa cimene amalume anati ndifulumire. Dzuwa limayenda, ndipo zithunzithunzi zimatalika kapena kufupika nalo. Muyeso wa 2 : 3 unali woona pa ora lomwelo basi. Ukayesa nsungwi m'mawa ndi mtengo masana, yankho lako lidzakhala labodza ngakhale uculukitse bwino cotani. Nzeru imeneyi njakale ndithu. Kumanenedwa kuti Thales, Mgiriki wa ku Miletus amene anakhalako zaka ngati 600 Kristu asanabadwe, anapeza msinkhu wa mapiramidi a ku Egypt poyesa zithunzithunzi zao. Iye akuti anadikira nthawi imene cithunzithunzi ca munthu cilingana ndi msinkhu wake, pakuti pa nthawi yomweyo ca piramidi naco cilingana ndi msinkhu wa piramidiyo.

Cenjerani tsono, pakuti si zinthu zonse zimakula pamodzi. Anthu 4 akapalira munda masiku 6, anthu 8 sadzatenga masiku 12. Manja akaculuka, masiku amacepa. Ganizani za munthu mmodzi yekha: iye akadatenga masiku 6 kanai, ndiwo 24. Gawirani anthu 8 masiku 24 amenewo, ndipo mupeza masiku 3. Buku la masamu limayesa kuti anthu onsewo alima mofanana. Amene anapitako ku dima adziwa kuti pa anthu 8 sipalephera mmodzi wotsamira khasu nasimba nkhani, koma pa mayeso munthu ameneyo musamuwerengere.

Palinso zinthu zina zimene sizilowa konse m'masamu awa, ndipo aphunzitsi ocenjera amakonda kuchera nazo ana msampha. Angakufunseni kuti, "Thadzi lifungatira mazira 6 masiku 21, nanga mazira 12 adzatenga masiku angati?" Ana ena amalemba 42, ena amagawa pakati. Musanagwire pensulo, kumbukilani thadzi la amai anu m'cisa cake. Mazira onse 12 ali pansi pa mapiko omwewo, afunda pamodzi, ndipo anapiye adzaswa atakwana masiku 21 omwe aja.