MLANDU UMAOLA

Akuluakulu anatiphunzitsa kuti mlandu suola. Ine ndinakula ndikukhulupirira mwambi umenewu monga momwe ndinkakhulupirira kuti dzuwa limatulukira kum'mawa, kufikira tsiku lina m'chaka cha 2022 pamene mnzanga wa kusekondale, yemwe tsopano ndi loya, anaika kapu yake ya tiyi pansi, nandiyang'ana m'maso n'kunena kuti: "Achimwene, mlandu wa achemwali anuwo unaola chaka chatha." Nkhani ndikulembayi, owerenga, ndi ya mkono wamanja wa mlongo wanga, komanso ya pepala limodzi limene ine, wophunzira wa m'banja mwathu, ndinawerenga n'kuvomereza.

Achemwali anga aakulu ankachita geni ya tomato ndi mbatata ya kachewere. Ankapikula pa Lizulu, m'mphepete mwa msewu wa M1, n'kukagulitsa mu Limbe, kawiri pa sabata. Madengu amenewo ndi amene analipira fizi yanga kufikira ndinalandira dipuloma. M'mwezi wa June 2018, kukuzizira, anakwera minibasi monga mwa masiku onse, anthu anayi pampando wa anthu atatu, katundu mpaka kudenga. Atadutsa pa Ntcheu, dalaivala anatopa ndi lole imene inkakwawa kutsogolo kwake, ndipo anaganiza zoipitirira pachitunda pomwe sankaona chobwera. Kutsogoloko kunatulukira galimoto ina. Iye anakhotetsa mwamphamvu, tayala lakumbuyo lomwe linali litatha kale linaphulika, minibasi n'kugubuduka kawiri. Anthu awiri anafera pomwepo. Achemwali anawasolola mkono wamanja utathyoka pawiri, ndipo mpaka lero zala zake sizigwira kanthu.

Ntchito yanga ndi yolemba, ndipo nkhani za pamsewu ndazilemba zambiri, zina m'nyuzipepala, zina m'ndakatulo. Ndikaziyala pamodzi ndimapeza kuti sizisiyana kwenikweni, zimangosintha malo ndi maina. Pali kuwombana maso ndi maso, kumene kawirikawiri kumabadwa pamene wina akupitirira mnzake pachitunda kapena pokhota. Pali kugunda kumbuyo, makamaka m'tauni, minibasi ikangoima mwadzidzidzi chifukwa kondakitala waona wokwera, ndipo wotsatira anali atayandikira mopyola muyeso. Pali kugubuduka, tayala lakutha likaphulika galimoto ili pa liwiro, italemedwa. Pali lole yofera pamsewu usiku yopanda nyali, mwini wake atangoponya nthambi zingapo pa tala, wobwera m'mbuyo n'kudzazindikira ali kale pansi pake. Pali oyenda pansi, ana a sukulu ndi ogulitsa malonda m'misika imene inamera m'mbali mwa misewu yathu ikuluikulu. Ndipo zaka zino kwawonjezeka akabaza a njinga zamoto, atatu panjinga imodzi, chipewa palibe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti misewu imapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndi kuti palibe china chimene chimapha ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29 kuposa msewu.

Zonsezi timazitchula ndi liwu limodzi: ngozi. Liwuli ndi lofewa, ndipo limatonthoza, pakuti ngozi ilibe mwini, imangogwa ngati mphezi. Koma tayang'ananinso mndandanda uja. Kuseri kwa iliyonse kuli munthu amene anasankha kanthu: wina anasankha kupitirira pachitunda, wina anasankha kuti tayala lija liyendebe mwezi wina, wina anasankha kumwa kaye asanagwire chiwongolero. Ine ndinkazidziwa zimenezi ngati mlakatuli, ndipo ndinkazidandaula bwino ndithu papepala. Chimene sindinkadziwa n'chakuti malamulo a dziko lino amaziona chimodzimodzi, ndipo amaikapo mtengo.

Tsiku lachinayi achemwali ali m'chipatala, kunabwera bambo wina wovala bwino, mwini wake wa minibasi ija. Anafika mwaulemu, atanyamula jumbo ya buledi, shuga ndi botolo la zakumwa. Anagwada pafupi ndi amayi, omwe ankadikirira matendawo, nati: "Mayi, pepani. Izi n'zogwa. Nanenso ndataya galimoto, ana anga sindidziwa adya chiyani." Kenaka anatulutsa envulopu ya K60,000 ndi pepala lotayipa m'Chingerezi, nati n'longosonyeza kuti chipepeso chalandiridwa.

Amayi anandipatsa ine pepalalo. "Tawerenga iwe, mwananga, sukulu unapitira zomwezi."

Ndinawerenga. Mawu ake onse ndinawamva, koma kulemera kwake sindinakumve. Munali chiganizo chonena kuti wolandira ndalamayo sadzafunanso china chilichonse kwa wina aliyense pankhaniyi. Mumtima munandigunda pang'ono, koma bambo uja anali chigwadire, odwala a m'mabedi oyandikana akutiyang'ana, ndipo amayi anali atayamba kale kunena kuti: "Munthu wabwera yekha kudzapepesa, ena akanathawa. Mulungu watipulumutsira mwana, tifunanso chiyani? Zamakhoti ife ayi." Ndinachita manyazi kuoneka wadyera pamaso pa munthu wogwada. Ndinachitanso manyazi ena, obisika: kuvomera kuti ine wa dipuloma ndikufunika kukafunsa kaye.

"Dindani, achemwali," ndinatero. "Palibe vuto."

Anadinda ndi chala chachikulu cha kumanzere, poti mkono wamanja unali m'chikhakha. Ndalama ija inatha mwezi usanathe, kugula mankhwala ndi kulipira tomato wa eni ake amene anaphwanyikira mumsewu.

Patapita zaka zinayi m'pamene ndinakumana ndi mnzanga loya uja. Tinkacheza zina, nkhaniyi n'kungotulukira. Anandifunsa mafunso atatu: kodi lipoti la apolisi tinatenga? Kodi lipoti la dokotala lonena kukula kwa chilema lilipo? Kodi tinalemba dzina la kampani ya inshuwalansi lomwe limamatidwa pagalasi lakutsogolo la galimoto? Ndinayankha ayi katatu. Tsono anayamba kundiphunzitsa, ine ndili duu ngati mwana wa sitandade wani.

Anayambira kutali, ku Scotland, m'tauni ya Paisley, kumene mayi wina dzina lake Donoghue anamwa chakumwa cha m'botolo, nanena kuti anapezamo nkhono yowola ndipo anadwala nayo. Mlandu wake ndi wopanga chakumwacho, Stevenson, unagamulidwa mu 1932, ndipo woweruza wina, Lord Atkin, anabwereka funso la m'fanizo la Msamariya wachifundo, lofuna kudziwa kuti mnansi wa munthu ndani. Yankho lake linali lakuti pamaso pa lamulo mnansi wako ndi aliyense amene ungathe kuoneratu kuti zochita zako zingamupweteke, ndipo uli ndi udindo womusamala. Mfundo imeneyi makhoti athu anailandira pamodzi ndi malamulo ena ochokera ku Mangalande, ndipo ndiyo maziko a milandu ya pamsewu. Dalaivala ali ndi udindo kwa okwera ake, kwa oyenda pansi, kwa wakabaza, kwa galimoto inzake. Akalephera kusamala monga dalaivala wanzeru akanachitira, wina n'kuvulala chifukwa cha kulepherako, ayenera kulipira. Safunika kukhala kuti anafuna kupweteka munthu. Kusasamala kokhako n'kokwanira.

"Nanga dalaivala wa minibasi angalipire chiyani?" ndinafunsa. "Munthu wogona m'nyumba ya lendi?"

Anati n'chifukwa chake lamulo siliima pa dalaivala yekha. Wantchito akalakwa ali pantchito ya bwana wake, bwanayo amasenza nawo mlandu, ngakhale kuti pa nthawiyo anali kunyumba akudya nsima. Ndipo kuseri kwa bwana kuli inshuwalansi. Lamulo la za pamsewu la 1997 limakakamiza galimoto yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze, ndipo limalola wovulalayo kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji m'dzina lake. Kampani imalipira kufika pa mlingo umene unalembedwa m'mgwirizano wake, zotsala zimagwera mwini galimoto ndi dalaivala. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chisoni chimene tinamvera bambo wogwada uja chinapita kolakwika. Gawo lalikulu la chipukutamisozi silikanachokera m'thumba mwake. Likanachokera kumene iye ankalipira chaka ndi chaka kuti tsiku lotere likadzafika, pasadzakhale wosiyidwa manja ali m'khosi.

Anandiwerengeranso zimene khoti limayang'ana poika mtengo: ululu ndi kuzunzika, kutaya zinthu zimene munthu ankatha kuchita ndi thupi lake, zipsera ndi kupunduka, kuchepa kwa mphamvu yopezera ndalama m'tsogolo, ndiponso zimene wawononga pa mankhwala ndi maulendo, malinga ali ndi malisiti. Munthu akafa, amene ankadalira iye angathe kusuma chifukwa cha thandizo limene ataya. Ngati wovulalayo analakwako naye, monga woyenda pansi amene anangothamangira mumsewu osayang'ana, mlandu wake suthera pomwepo ayi. Khoti limagawa kulakwako n'kuchotsera gawo lake pa ndalamazo. Anandichenjezanso pa chinthu chimene ambiri timasokoneza: dalaivala akatengeredwa kwa majisitireti n'kulipitsidwa chindapusa chifukwa choyendetsa mosasamala, ndalamayo kawirikawiri ndi ya boma.  Mlandu wake wa chipukutamisozi ndi wina, ndipo palibe amene angamuyambire iye atangokhala. Pagule fumbi ndiwe mwini.

Mtima wanga unayamba kuthamanga. Ndinati ndiye tiyeni mawa lomwe. Apo m'pamene anaika kapu ija pansi. Pepala tinadinda lija, anatero, mwina tikanalimbana nalo, poti analidinda munthu ali mu ululu, m'chiyankhulo chimene sawerenga. Chovuta ndi nthawi. Lamulo limapereka zaka zitatu zoyambitsira mlandu wa kuvulala m'thupi, ndipo khomo lopita kwa a inshuwalansi mwachindunji limatsekeka msanga kuposa pamenepo. Zathu zinali zitakwana zinayi. Kumudzi mlandu wa ng'ombe ungathe kudikira adzukulu, koma kukhoti umaola ngati tomato.

Ndisaname, sindikunyoza kupepesa. Mwambo woti wolakwa afike yekha, agwade, aone ndi maso ake zimene wachita, ndi wabwino, ndipo khoti lililonse silingaupereke. Sindikunenanso kuti njira ya malamulo ndi yosalala. Milandu imachedwa, ndipo m'makonde a zipatala mumazungulira madobadoba, anthu osaka ovulala kuti awatengere kwa maloya, ena mwa iwo n'kudya pakati, mwini bala n'kulandira nyenyeswa. Koma pakati pa kudyeredwa ndi dobadoba ndi kudinda chala pa K60,000 pali njira ina. Munthu atenge lipoti la apolisi ndi la dokotala, alembe nambala ya galimoto ndi kampani ya inshuwalansi, asunge lisiti lililonse ndi maina a amene anaona. Akakhala wosauka, alipo a Legal Aid Bureau, omwe ntchito yawo ndi kuimira anthu osatha kulipira loya. Chipepeso alandire ngati afuna, koma pepala asadinde asanafunse. Safunsa anadya phula, ndipo m'banja mwathu phulalo ndinadyetsa ena.

Ndinakhala miyezi iwiri ndisanawauze achemwali. Masiku ano sapitanso ku Lizulu; amagula kwa anzawo amene kale ankapikula nawo limodzi, n'kumagulitsa timilu pakhomo, chenje akuwerenga ndi dzanja lamanzere. Mwana wawo woyamba anasiyira sukulu fomu 2. Ndinawapeza madzulo ena akulongedza, ndipo ndinawafotokozera zonse, za inshuwalansi, za zaka zitatu, za chiganizo chija ndinawerenga n'kungochidumpha. Anamvetsera osandidula. Nditatha anakhala chete kanthawi, akusankha tomato wofewa n'kumuika pambali.

"Inu achimwene, tsiku limene lija munkadziwa zimenezi?"

"Ayi, achemwali. Koma ndikanafunsa."

"Eya, mukanafunsa," anatero, osakweza mawu. Sanawonjezerepo, ndipo sanandichotsere. Kenaka analoza dengu ndi chibwano. "Tanditwikani, kukuda."

Ndinawatwika. Anagwirizira ndi dzanja limodzi, linalo likulendewera m'mbali, n'kulowera kuseri kwa nyumba. Ine ndinabwerera kumsewu kukadikira minibasi. Yoyamba itaima, ndinadzipeza ndikuyang'ana matayala ake ndi kapepala ka pagalasi. Kondakitala anakuwa kuti: "Bwana, mukwera kapena mukugula galimotoyi?" Okwera onse anaseka. Ndinaisiya ipite.