Njovu Zikabwerera, Mantha Amatsala

Ife a ku Hewe, kwa Katumbi, tinakulira pafupi ndi nkhalango ya Vwaza. Chimanga chikayamba kukhwima, tulo timachepa. Njovu zimatuluka usiku, ndipo anthu amasonkha moto, kumenya zitini ndi kukuwa mpaka mbandakucha. Kukacha timawerenga mizere imene yapondedwa, nthawi zina kumagwanso maliro. Mwana amene anaona zonsezo palibe amamuwerenga.

Mwanayo ndi amene ife ophunzira zauphunzitsi tidzakumane naye m'kalasi. Chitseko chikamenyeka, amadzidzimuka. Amasinza masana chifukwa usiku amalota zomwe zija. Amazungulira njira yaitali kuti asadutse pamunda paja, amapsa mtima msanga, ndipo masamu amene ankakhoza samulowanso. Zoterezi zikapitirira mwezi n'kumasokoneza moyo wake, achipatala amazitcha PTSD. Dzinali linalowa m'mabuku a madokotala a ku America mu 1980, ataona asilikali ochokera kunkhondo ya Vietnam, koma vutoli limagwiranso wopulumuka ngozi ya galimoto, wogwiriridwa, kapena amene anaona matope a namondwe Freddy mu 2023. Thupi limakhalabe tcheru ngati kuti ngoziyo sinathe.

Kwathu mayankho sasowa. Ena amati ndi vimbuza, aimbiridwe ng'oma. Ena amati, "Limba mtima, ndiwe mwamuna." Ife amene tinaphunzira kusekondale za mpingo tinamvanso kuti chikhulupiriro chachepa, ndipo yankho limeneli ndi limene limatipweteka kwambiri, poti limasandutsa bala kukhala tchimo. Komatu Eliya atathawa Yezebeli n'kupempha imfa, mngelo anayamba ndi kumupatsa chakudya ndi madzi, n'kumulola agonenso.

Ambiri amachira okha pakapita masabata, makamaka akakhala ndi abale owamvetsera. Otsalawo amathandizidwa ndi uphungu wa anthu ophunzitsidwa, umene umamuyendetsa munthu pang'onopang'ono m'zimene akukumbukira mpaka zisiye kumugwira pakhosi. Kachasu amangogonetsa usiku umodzi basi. Poyambira ndi chipatala chapafupi kapena cha boma ku Rumphi, ndipo ku Mzuzu kuli St John of God, kumene amaona za matenda a m'maganizo. Ana angathenso kuimba 116 mwaulere.

Ulendo wa ku Mzuzu ngwautali, ndipo nthawi yadzinja msewu suyendeka bwino. N'chifukwa chake woyamba kuzindikira amayenera kukhala mphunzitsi. Tisamukakamize mwana kufotokoza pamaso pa anzake. Timusunthe akhale pamene akumva bwino, tilankhule ndi makolo pambali, ndipo akasinza tifunse kaye mmene anagonera tisanamupatse khasu la chibalo.