Telala wa Telesikopu: Kusoka Nsalu Yotchinga Mame ndi Kuwala

Ntchito yanga ndi ya utelala. Ndinaiphunzira pakhonde la sitolo ku Limbe, pa makina opalasa ndi miyendo, ndipo lero ndimaigwira ku Cape Town, kumene Amalawi ambiri tikudyera singano ndi ulusi. Masiku ambiri ndimakhalira kupinda mabuluku, kusintha mazipi ndi kusoka makatani. Koma pali ntchito ina imene ndimaikonda kuposa zonsezi, ndipo ndi ochepa amene amadziwa kuti telala amaigwira: kusoka chophimba cha telesikopu. Amene amandipatsa ntchitoyi ndi anthu okonda kuyang'ana nyenyezi, amene Lachisanu likakwana amalongedza zida zawo m'galimoto n'kuthawa magetsi a m'tauni, ena kupita ku mapiri a Cederberg, ena ku Karoo kufupi ndi Sutherland, komwe kuli telesikopu yaikulu ya SALT imene inatsegulidwa mu 2005.

Telesikopu zimene ndimazisokera ndi zija zogwiritsa ntchito galasi lodziyang'anira, nzeru imene Isaac Newton anaisonyeza mu 1668. Pansi pamakhala galasi lalikulu lolowa m'kati, limene limasonkhanitsa kuwala kwa nyenyezi n'kukubweza m'mwamba. Kumeneko kagalasi kakang'ono kopendekeka kamakutembenuzira pambali, pomwe munthu amaika diso. John Dobson wa ku San Francisco ndi amene anaphunzitsa anthu wamba, m'zaka za m'ma 1960, kupanga telesikopu zotere zazikulu ndi matabwa ndi zinthu zotsika mtengo. Koma galasi likamakula, chimpaipi chake chimalemera moti sichilowa m'galimoto. N'chifukwa chake amisiri anachichotsa n'kuikapo ndodo za aluminiyamu, kawirikawiri zisanu ndi zitatu, zolumikiza bokosi la galasi pansi ndi chingelengele cha kumtunda. Telesikopu yotere imaphwasulika, imanyamulika, koma pakati pake pamatsala pabwalo. Ntchito yanga ndi kutseka pamenepo.

Chovuta choyamba ndi kuwala kosochera. Galasi la masentimita 40 limasonkhanitsa kuwala kochuluka kuposa ka 3,000 poyerekeza ndi diso la munthu, ndipo silisankha. Getsi la pakhonde la neba, nyali za galimoto yodutsa, tochi ya mnzako, zonsezi zikalowera pakati pa ndodo zimayeretsa thambo m'diso mwa woyang'ana. Nyenyezi zowala amazionabe, koma zinthu zofooka zimene anayendera ulendo wonsewo, monga mtambo wa Tarantula kapena milalang'amba yakutali, zimazimiririka.

Chovuta chachiwiri ndi mame. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, chinthu chilichonse choyang'ana kumwamba chimataya kutentha kwake mpaka kuzizira kuposa mpweya wochizungulira, ndipo chinyezi chimasanduka madzi pamenepo. Aliyense amene anadzukapo m'mamawa kumudzi anaona kuti udzu wa pabwalo umanyowa pomwe wa pansi pa mtengo wa mango uli wouma. Chophimba chimagwira ntchito ya mtengo uja: galasi limangoona kachigawo kochepa ka thambo, ndiye limachedwa kuzizira kufika pogwa mame. Galasi likanyowa palibe kulipukuta, chifukwa aluminiyamu wonyezimira uja anamatidwa pamwamba penipeni, ndipo ndi wopyapyala moti kansalu kokhala ndi fumbi pang'ono kakhoza kumukanda. Palinso zina zimene nsalu imatchinga: fumbi, mpweya wofunda wochokera m'thupi la woyang'ana umene umanjenjemeretsa chithunzi ukadutsa m'njira ya kuwala, komanso bawuti kapena kiyi wopulumuka m'manja mumdima.

Ntchito imayambira pa kusankha nsalu, ndipo ndimakaifuna m'masitolo a nsalu a ku Woodstock ndi Salt River. Ya thonje sindiigula, ngakhale ikhale yakuda bwanji, chifukwa imamwa madzi, imalemera, ndipo imathothoka tiubweya timene timakagwera pagalasi. Zoyenera zilipo ziwiri. Ina ndi nayiloni ya ripstop, ija yokhala ndi timabokosi ta ulusi wolimba, imene amasokera matenti ndi makaiti. Ndi yopepuka, madzi amatsetsereka pa iyo, koma siitamuka. Ina ndi Lycra, ya zovala zosambira nazo, imene imatamuka n'kugwira ndodo mwamphamvu, koma imasunga chinyezi ndipo imachedwa kuuma. Kwa amene amayang'anira nyenyezi kufupi ndi nyanja, komwe mame amagwa ambiri, ndimawalangiza ripstop. Kwa a ku Karoo, kouma ndi kwafumbi, Lycra imachita bwino.

Nsalu iliyonse ndimaiyesa ndisanalipire. Ndimayatsa tochi ya foni, n'kuiphimba ndi nsaluyo, n'kuyang'ana. Ngati ndi Lycra, ndimaikoka kaye, chifukwa ina imaoneka bii ili pampukutu koma ukaikoka timabowo timatseguka, kuwala n'kumadutsa. Ndimayang'ananso mbali zake ziwiri: yonyezimira imapita kunja, yosanyezimira m'kati, popeza nsalu yakuda koma yonyezimira imabwezabe kuwala kumene kwaigunda chapambali.

Poyeza m'pamene pagona luso lonse. Sindilandira miyeso ya pafoni. Ndimapempha mwini wake kuti: “Bwana, bwerani nayo, muimange pano ndikuona.” Ndimayeza kuzungulira chingelengele cha kumtunda, kuzungulira bokosi la pansi, kutalika kwa ndodo, kenako kuzungulira ndodozo pakati. Bokosi la pansi ndi la makona anayi, chakumtunda n'chozungulira, ndiye nsalu siingakhale yofanana kukula kumutu ndi kumiyendo. Imadulidwa yotakata pansi, yocheperako kumtunda. Ndimayamba ndadula pateni papepala, kulikulunga pa ndodo, kulemba ndi pensulo pomwe pali mabawuti ndi zogwirira, kenako n'kusamutsira pansalu ndi choko.

Chimene ndimachisamala kwambiri poyezapo ndi njira ya kuwala. Kuchokera kumwamba mpaka pagalasi pali mpata umene nsalu siiyenera kulowamo ngakhale pang'ono. Telesikopu ikaima chilili, chophimba chilichonse chimaoneka chabwino. Ikawerama kuyang'ana nyenyezi ya m'munsi, nsalu ya pamwamba imafuna kulendewera pakati pa ndodo ziwiri, makamaka ikanyowa. Ikatero imadula kuwala, ndipo mwini telesikopu amene anagula galasi la masentimita 40 amakhala akuyang'anira gawo chabe la galasi lake osadziwa. Choipa china n'chakuti madzi amasonkhana pa kathumba kolendewerako n'kudontha.

Ndiye ngati ndi Lycra, ndimaidula yochepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi pa muyeso wozungulira, kuti ikokeke nthawi zonse, ndipo mbali yotamuka kwambiri ndimaiika mozungulira. Ngati ndi ripstop, ndimaidula ndendende, n'kusokera kunja kwake tinjira tiwiri kapena titatu todutsamo lasitiki wozungulira, kapena kandodo kopindika ka tenti kamene kamaikankhira nsaluyo kunja.

Ripstop sindiidula ndi sizasi. Ndimaiyala pagalasi lakale la windo, n'kuyendetsa chitsulo chootcherera mawaya chotentha m'mbali mwa rula yachitsulo. Nsalu imalekana ndi kafungo ka pulasitiki wopsa, m'mphepete mwake n'kutsala kamzere kolimba kosasomphoka. Imaterera pansi pa phazi la makina, ndiye m'malo mwa mapini, amene amasiya mabowo olowetsa madzi ndi kuwala, ndimaigwira ndi timakilipi. Msoko wautali ndimausoka kawiri: koyamba kunja, kenako ndimatembenuza n'kusokanso kuti m'mphepete mubisike m'kati mwa msoko, pasakhale ulusi wolendewera pamwamba pa galasi. Lycra imafuna singano ya nsonga yobulungira, imene imadutsa pakati pa ulusi osaudula, ndi msoko wa zigizagi, chifukwa msoko wowongoka umaduka tsiku loyamba lomwe nsaluyo yakokedwa. Ulusi ndi wa poliyesita wakuda, pamwamba ndi m'bobini momwe. Msoko wautaliwo ndimaukonza kuti uzikhala kunsi telesikopu ikawerama, kuti mame a pamwamba asapeze polowera.

Kumutu ndi kumiyendo ndimapinda mpendero wa masentimita atatu wodutsamo chingwe cha lasitiki ndi kotsekera kake. Munthu adzamanga ndi kumasula chingwe chimenechi mumdima, zala zitauma ndi chisanu, mwina atavala magolovesi, ndipo ku Sutherland m'mwezi wa Julayi madzi amaundana usiku. Choncho kotsekerako ndimaika kakakulu, pamalo amene dzanja limafika losafufuza. Mpendero wa pansi ndimautsitsa kuti uvale bokosi chakunja, kuti madzi otsetsereka pansalu azigwera pansi osati m'bokosi. Ngati kumbuyo kwa galasi kuli kafani koziziritsira, sinditsekako.

Ndikamaliza kusoka ntchito siinathe. Timadikira mdima, kuvalika chophimbacho, n'kuweramitsa telesikopu mpaka pansi. Ndimachotsa galasi loyang'aniramo n'kusuzumira pabowo lake: galasi lalikulu liyenera kuoneka lonse, lozungulira, popanda mthunzi wa nsalu m'mphepete. Kenako mnzanga amazungulira ndi tochi akuunika nsalu kuchokera kunja, ine ndikuyang'anabe. Paliponse potulukira kuwala ndimalemba ndi choko. Pomaliza mwini wake amaloza nyenyezi yowala n'kupotoza dala chosinthira galasi loyang'aniramo mpaka nyenyeziyo itasanduka chimkombero chachikulu. Chimkomberocho chikadukira mbali ina, nsalu yalowa m'njira, ndipo ndimabwerera nayo pa makina.

Ndimawauzanso makasitomala anga zimene nsalu singathe. Kagalasi kakumtunda kali pafupi ndi kukamwa kwa telesikopu, ndipo ndiko kamayamba kunyowa. Kamafuna kawaya kotenthetsera kapena chotchinga china chotalikitsa kukamwako, chimene ndimachipanga ndi mphasa yakuda yopyapyala ya siponji ndi Velcro. Nsalu imawonjezeranso kulemera, ndiye telesikopu imene inali yokhazikika ikhoza kuyamba kugwetsa mutu, n'kufunika kachitsulo kolemera kumbuyo kwa bokosi. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikamawomba m'chilimwe kuno ku Cape Town, imakankha nsaluyo n'kugwedeza telesikopu yonse, ndipo usiku wotere ndi bwino kuikwinyira pansi, ingophimba theka. M'mawa nsaluyo iyanikidwe pamthunzi mpaka iume, isapindidwe yonyowa m'bokosi limodzi ndi galasi.

Usiku woyesera chophimba mwini wake amandilola kuyang'ana, ndipo ndinaonapo Omega Centauri, mulu wa nyenyezi zothithikana moti sungaziwerenge, pathambo lakuda bii chifukwa cha nsalu yochoka pa makina anga. Galasi la telesikopu amalisema akatswiri, ndipo limagulidwa ndi ndalama zambiri, koma mphamvu yake yonse imaoneka pokhapokha nsalu ya mamita awiri kapena atatu itasokedwa molondola. N'chifukwa chake sindiitenga ngati ntchito yapambali.

Kwathu ku Malawi midzi yambiri ili ndi mdima umene anthu kuno amauyendera maola anayi pagalimoto. Mphunzitsi wa sayansi amene angapeze galasi n'kupangitsa bokosi ndi ndodo kwa kalipentala ndi wowotcherera, asavutike kuitanitsa chophimba kunja. Apite kwa telala wa pamsika ndi telesikopu yake yomanga kale, amuonetse njira ya kuwala, ndipo amuuze kuti nsalu ikhale yakuda, yokokeka, yosalowa m'njiramo. Zotsalazo telala amazidziwa kale.