Zimene ana a ku Zomba sanalembe

Ana a ku yunivesite anayamba kufika m'midzi ya kwathu ku Dedza cha pakati pa zaka za m'ma 1970, Chancellor College itangosamuka ku Chichiri kupita ku Zomba mu 1973. Aphunzitsi awo ankawatuma pa tchuthi kuti akalembe nthano, miyambi, mbiri ya mafumu ndi zikhulupiriro za anthu. Anali masiku amene Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe uja anafufuza za Mbona ku Nsanje, ankaphunzitsa kumeneko. Kwathu kunabwera anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi. Ine ndinali mphunzitsi wa kupulaimale, wongokwatiwa kumene, choncho amfumu anati ndiziwaperekeza.

Kulowa m'mudzi ndi kope m'manja nthawi imeneyo sikunali kwamasewera. Unkayamba kwa amfumu, kenako kwa tcheyamani wa chipani, kuonetsa kalata ndi khadi lomwe. Komanso nkhani ya ku Chilobwe inali isanazizire. Kuyambira 1968 mpaka 1970 anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Blantyre, mphekesera n'kumati magazi awo akupita ku South Africa kukabweza ngongole ya boma. Ndiye taganizani alendo ovala bwino atanyamula kabokosi kakuda kokhala ndi chingwe. Azimayi ena anatsekera ana m'nyumba. Mpaka mnyamata wina anajambula amfumu akupereka moni n'kuwabwezera mawu awo pa kaseti, m'pamene bwalo lonse linafa nalo phwete, anthu n'kuyamba kuyandikira.

Zikhulupiriro zing'onozing'ono anazitola mosavuta, ana omwe ankapikisana kuwauza. Ukakhala pa mafuwa umatuluka zithupsa. Ukaloza dzungu ndi chala limavunda lisanakhwime. Osaimba mluzu usiku, umaitana afiti. Osalumpha miyendo ya mwana, sakula, ndipo ukalumpha ubwererenso momwemo. Mayi wapakati asaime pakhomo, mwana adzaimanso panjira tsiku lochira. Kadzidzi akalira padenga, konzekani maliro. Kukumana ndi bilimankhwe akukumba pansi ndi malodza. Makope anadzadza msanga.

Mnyamata mmodzi anali atalemba mzere pakati pa tsamba, uku chikhulupiriro, uku chifukwa chake. Akamva za mafuwa ankalemba yekha kuti makolo ankateteza ana kumoto. Za dzungu, ankati ankaopa kuti ana angathothole akadali anthete. Agogo anga aakazi anamumvetsera akuwerenga, fodya ali pamphuno, kenako anati, "Mwanawe, wanzeru ndiwe. Koma ine dzungu ndinaliona likuvunda."

Mpaka lero ophunzira amakonda kuchita zimene ankachita mnyamata uja. Amafuna kuti mwambo uliwonse ukhale nzeru yobisika, ngati kuti makolo athu ankadziwa zoona koma ankangoopseza ana. Amaganiza kuti akuwalemekeza. Ine ndinakula nawo anthu amenewa, ndipo ankakhulupiriradi. Agogo akamva kadzidzi ankadzuka n'kutenga chikuni chamoto kukamuponyera, manja akunjenjemera, popanda mwana aliyense woti amuphunzitse kanthu. Zina zinatetezadi ana, sindikukana. Koma za mazira, amene ankaletsa amayi apakati poti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ndani anatetezedwa? Mazirawo ankathera m'mbale ya abambo ndi alendo, ena n'kusiyira nkhuku kuti ichulukane.

Chachikulu chimene chinkayendetsa mudzi wonse ana aja anangochinunkhiza. Ndikunena mdulo, ena amati tsempho. Munthu ankakhala wotentha kapena wozizira malinga ndi zam'nyumba, ndipo wotentha akakhudza wozizira pa nthawi yolakwika, ankamudula. Mchere ndiwo unkanyamula zonsezi. Mayi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo. Ankaitana kamwana, n'kukapatsa mcherewo kuti kathire mumphika, ndipo aliyense wamkulu pakhomopo ankadziwa tanthauzo lake popanda wotsegula pakamwa. Mwana akabadwa, bambo ndi mayi ankadikira mpaka tsiku lomutengera kumphasa, ndipo bambo akazembera kwina nthawi imeneyo ankati wadula mwana wake. Pa maliro, pa chinamwali, ngakhale mkazi akamaumba miphika kapena kufulula mowa wa nsembe, anthu ankasala. Amuna athu ambiri anali ku migodi, ena pa Wenela mpaka boma linaimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Wapaulendo ankadalira kuti mkazi wake kunyumba akudzisunga, apo ayi njira simuyendera bwino.

Anyamata aja atafunsa za mchere, azimayi anangoyang'anana n'kuseka chamumtima. Nkhani imeneyi suuza mwana wamwamuna wa eni, wosakwatira. Mtsikana uja ndinapita naye kwa anamkungwi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, diresi lake lalitali, n'kufunsa, "Kodi iwe unavinidwa?" Iye anati analangizidwa kumpingo. "Uli pabanja?" Anati ayi, akadali pasukulu. Anamkungwi anamupatsa mtedza wokazinga n'kunena kuti, "Ukadzapeza mwamuna ubwere, tidzacheza." M'kope mwake munalowa mzere umodzi wokha, woti mayi wodwala sathira mchere.

Ine mdulo sindiutaya wonse. Unkamanga amuna amene palibe lamulo la boma likanawamanga. Bambo amene sankaopa mkazi wake ngakhale apongozi ankaopa kuona mwana wake akutupa, mudzi wonse ukumuyang'ana. Unkathandizanso kuti ana asabadwe motsatizana kwambiri, kale kusanabwere zakulera zakuchipatala.

Koma ndinaonanso mbali ina. Mwana wa mnansi wathu atasiya kuyamwa anayamba kutupa miyendo ndi nkhope, tsitsi likufiira. Akuluakulu anakhala pansi kufunsana kuti wamutsempha ndani. Bambo anakana. Mlandu unagwera mayi, mtsikana wamng'ono, amene analira mpaka kuvomera zimene sanachite kuti mwana amwetsedwe mankhwala. Nthawi yonseyo mwana ankadya phala la ufa woyera lopanda kanthu, nkhuku zikuikira pakhomo pomwepo, mtedza uli m'nkhokwe. Amalume ake a mtsikanayo, amene anagwirapo ntchito kumishoni, ndiwo anamunyamula mwanayo pa njinga kupita naye kuchipatala. Kumeneko anati ndi matenda osowa zakudya m'thupi. Anamupatsa mkaka ndi phala losakaniza, anachira. Atabwerera kumudzi, anthu anati mankhwala a tsempho aja ndiwo agwira mochedwa. Mayi uja anakalamba ndi mbiri yoti anadula mwana wake.

Nkhani ngati iyi simungaipeze pa mndandanda wa zikhulupiriro. Mndandanda umakuuzani choletsedwa ndi chilango chake, koma sukuuzani amene ankasenza mlandu zinthu zikalakwika. Kwathu kawirikawiri anali mkazi, ndipo akakalamba n'kutha mano, ankasanduka mfiti.

Zidzukulu zanga zimaseka za dzungu ndi mafuwa. Zimakhala pa mtondo foni ili m'manja, mchere zimathira zokha tsiku lililonse. Zing'onozing'ono zija zikutha, ndipo n'chifukwa chake ndimayamikabe ana a ku Zomba kuti anazilemba. Zimene sizinathe ndi zoopsa zija. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera, mantha omwe aja tinali nawo poona kabokosi ka kaseti. Chonsecho lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911.

Ndikumva kuti aphunzitsi akutumabe ophunzira m'midzi. Ana anga, mukamabwera tenganiko mayi wapabanja pagulu panu, kuti anamkungwi akamasuke. Musathamangire kulemba chifukwa chimene mwaganiza nokha, lembani chimene agogo anena. Ndipo pa chikhulupiriro chilichonse mufunsenso kuti chikaswedwa, amene ankaitanidwa kubwalo anali ndani.