Msuzi Wobiriwira wa ku Joni

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mayi wina wa ku Bangwe ankagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina ku Johannesburg, yomwe inkagulitsa zakudya za ku Mexico. Anayamba ndi kutsuka mbale, ndipo patapita nthawi anamupatsa mpeni kuti azidula kabichi, anyezi ndi tomato. Mmawa uliwonse mkulu wa ophika ankapanga yekha msuzi wina wobiriwira, wothithikana ngati phala la mwana, wothira pa masamba aawisi. Akamaliza ankamuponyera mayiyu jagi ya makina ogayira kuti aitsuke. Iye, asanatsegule mpopi, ankapisa chala m'jagimo n'kulawa. Msuziwo unali wowawasa, wamafuta pang'ono, woyabwa kukhosi mosapweteka, ndipo fungo lake linkatsalira m'mphuno mpaka masana.

Chimene chinkamudabwitsa kwambiri chinali mbale zobwerera kuchokera kumatebulo. Anthu ankalipira ndalama zambiri chifukwa cha kabichi wosaphika, yemwe kwawo akanamuona ngati chakudya cha akalulu, koma mbalezo zinkabwerera zoyera ngati zanyambitidwa. Pa pepala la zakudya msuziwo unkalembedwa kuti cilantro lime dressing. Dzina loyambalo linali lachilendo kwa iye, ngakhale kuti masambawo ankawadziwa bwino. Anali dhania yemweyo amene amwenye amagulitsa m'timitolo ku Fordsburg, amene ankamuonanso ali mwana mumsika wa Limbe.

Chomera chimenechi chili ndi maina ambiri chifukwa chayenda kwambiri. Kwawo kwenikweni ndi m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi kumadzulo kwa Asia, ndipo n'cha banja limodzi ndi karoti. Njere zake zinapezeka m'manda a mfumu Tutankhamun ku Egypt, ndipo m'chaputala 16 cha buku la Eksodo, mana amene Aisraele anadya m'chipululu akufaniziridwa ndi njere zomwezi. Angerezi amati coriander. Apwitikizi amati coentro, ndipo ndi dzina limene munthu angamve mumsika wa ku Tete. Dzina loti dhania linabwera ndi amwenye. Anthu a ku Spain, omwe amati cilantro, ndiwo anapita nacho ku Mexico m'zaka za m'ma 1500, pamodzi ndi mitengo ya mandimu. Kumeneko ziwirizi zinakumana ndi tsabola ndi mapeyala, zomwe ndi mbadwa za dzikolo, ndipo zinamangana ubale umene malesitilanti akudyerera mpaka lero.

Mayiyu anabwerera kwawo bambo ake atadwala. Madalawo anali atapezeka ndi matenda a shuga ndiponso kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala anawauza kuti achepetse nsima, asiye shuga, achulukitse masamba, ndipo koposa zonse achepetse mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, womwe ndi wosakwana bwino supuni imodzi ya tiyi. Kwa munthu amene moyo wake wonse ankathira mchere m'ndiwo asanalawe n'komwe, lamuloli linali ngati kumulanda lilime. Ndiwo zikabwera, ankasunsa mbamu ziwiri n'kukankhira mbale kumbali. Pofika miyezi itatu, lamba wa thalauza lawo anali atabooledwa mabowo awiri atsopano.

"Bambo, idyani pang'ono chabe, mankhwalawa safuna m'mimba mopanda kanthu," ankawachonderera motero.

"Mwanawe, ndiwo zopanda mchere ndi madzi a m'chithaphwi. Ndisiye," ankayankha iwo.

Usiku wina, akutsuka mbale za ndiwo zomwe sizinadyedwe, anakumbukira mbale zoyera za ku Joni zija. Anali atamvapo ophika akunena kuti chakudya chikachepa mchere, chowawasa chimadzutsa lilime, moti munthu saumva kwambiri kusowa kwake. Mmawa mwake anakwera minibasi kupita ku Limbe. Dhania anamupeza mosavuta. Vuto linali pa mandimu. Pa Chichewa, ndimu ndi ndimu basi, ndipo akafunsa, ogulitsa ankamuonetsa mandimu akuluakulu a khungu lokakala, amene anthu amamwera chimfine. Iye ankafuna ting'onoting'ono tobiriwira, ta khungu lopyapyala, tomwe ena amati laimu. Chodabwitsa n'chakuti pa Chiswahili mawu oti ndimu amanena chipatso chaching'onocho, pomwe chachikulu chija amati limau. Tsiku limenelo timandimu tating'onoto sanatipeze, choncho anagula amene analipo.

Kuyesa koyamba kunalephera. Makina ogayira analibe, motero anaduladula dhania ndi mpeni, n'kumuika m'botolo pamodzi ndi madzi a mandimu, mafuta ophikira ndi adyo, n'kukhutchumula mwamphamvu. Poyamba zinaoneka ngati zagwirizana, koma mphindi zochepa zitadutsa mafuta anayandama pamwamba, madzi a mandimu anakhala pansi, ndipo masamba ankangoyendayenda pakati. Mafuta ndi madzi sizigwirana pazokha. Kukhutchumula kumangophwanya mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono, tomwe timabwererana tikangopeza mpata. Pamafunika chinthu chachitatu choti chikute timadonthoto kuti tisakumanenso, monga yolk ya dzira imene ili mu mayonezi, kapena mapuloteni a mumkaka. Kuwonjezera apo, anali atafinya mandimuwo mwankhanza mpaka njere zinaphwanyika ndipo khungu loyera la m'kati linatulutsa kuwawa kwake. Analawa, n'kutaya.

Sabata yotsatira anapeza timandimu tating'ono tija kwa mayi wina wogulitsa zipatso, ndipo anayesanso. Ulendo uno anasinja dhaniayo m'kamtondo ka tsabola, ndipo mtundu unatuluka wobiriwira bwino. Anausunga kuti awapatse bambo ake tsiku lotsatira, koma kutacha anapeza utasanduka wotuwa ngati madzi otsukira nyemba. Asidi wa m'mandimu amawononga chinthu chimene chimapangitsa masamba kukhala obiriwira, ndipo akakhala nawo nthawi yaitali mtunduwo umafa. Apa m'pamene anamvetsa chifukwa chimene mkulu wa ophika uja ankapangira msuziwo mmawa uliwonse, n'kutaya wotsala madzulo, chinthu chomwe kale iye ankachiona ngati kusakaza kwa anthu olemera.

Atathedwa nzeru, anatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mnzake wa ku Chipata amene ankagwirabe ntchito m'khitchini ija, ndipo tsopano ndiye ankapanga msuziwo. Yankho linabwera usiku, ndipo linamufooketsa. Chinsinsi chimene ankachilingalira kwa zaka zisanu ndi chimodzi chinali mayonezi wambiri, uchi, ndi mchere wodzaza dzanja. Dhania ndi mandimu zinkapereka fungo ndi mtundu, koma chimene chinkachititsa anthu kuyeretsa mbale chinali mafuta, zotsekemera ndi mchere, zinthu zitatu zomwe achipatala anawachenjeza nazo bambo ake. Msuzi wa lesitilanti unapangidwa kuti munthu wathanzi abwerenso mawa ndi chikwama chake. Iye ankafuna msuzi woti munthu wodwala adye lero.

Anayamba kuganiza ngati mmene mayi ake, omwe anamwalira kale, ankaganizira pamoto. Nkhwani wongowiritsa ndi wozizira m'kamwa, koma akatenderedwa ndi nsinjiro amakhala ndiwo yoti mlendo aitanitsenso. Nsinjiro imabweretsa mafuta ndi kuthithikana, n'kumata tsamba lililonse. Anaona kuti msuzi wa ku Joni uja unkagwira ntchito yomweyo, kungoti masamba ake anali osaphika. Anafunafuna zomwe zingatendere kabichi wamuwisi popanda mayonezi, ndipo anazipeza pafupi. Kuseli kwa nyumba kunali mtengo wa mapeyala, ndipo pagolosale ankagulitsa chambiko, mkaka wowawasa wofanana ndi umene ku South Africa amati amasi ndi ku Zambia mabisi. Peyala linapereka mafuta ndi kusalala, chambiko chinagwira zonse pamodzi n'kuwonjezera kuwawasa kofatsa. M'malo mwa tsabola wa jalapeño anaika kachidutswa ka kambuzi atachotsa njere, podziwa kuti kambuzi ndi waukali kuposa jalapeño. Atalawa, anatseka maso. Sunali msuzi uja ndendende, koma unali pachibale nawo.

Madzulo anadula kabichi mopyapyala ngati ulusi, anaikamo tomato ndi nkhaka, anathira msuziwo, n'kupita nazo pakhonde. Anagwada, n'kuika mbale patsogolo pa bambo ake.

"Zosaphikazi ukufuna undiphe ndi kolera?" anafunsa iwo.

Funsoli silinali lachibwana. Mliri wa kolera umene unayamba m'Malawi mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mzinda wa Blantyre unali pakati pa madera amene anakhudzidwa kwambiri. Mibadwo imene inkaphika masamba mpaka kufewa inali ndi zifukwa zake. Mayiyu anawafotokozera kuti anachotsa masamba akunja a kabichi, ndipo zonse anazitsuka ndi madzi owiritsa atazizira. Madalawo anamuyang'ana kwa kanthawi, anatapa pang'ono, n'kutafuna. Nkhope yawo inakwinyika, ndipo analavulira m'dzanja.

"Mwanawe, mbaleyi sunaitsukuluze. Muli sopo umu. Ndiponso zikununkha nunkhadala."

Iye anatenga mbaleyo n'kupita nayo kukhitchini, komwe analira mwakachetechete. Anaganiza kuti bambo ake akungomunyoza, kapena akana moyo. Patapita masiku, mdzukulu wawo wa ku sekondale, amene ankadya saladiyo mokondwa, anafufuza pa foni n'kupeza kuti agogo akewo ananena zoona. Fungo la masamba a dhania limachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa aldehyde, ndipo a mtundu womwewo amapezeka mu sopo ndiponso m'fungo limene tizilombo tina timatulutsa tikaopsezedwa. Mu 2012, ofufuza a kampani ya 23andMe ku America anapeza kuti kumva sopo mu dhania kumagwirizana ndi kusiyana kwa chibadwa pafupi ndi jini yotchedwa OR6A2, imene imathandiza mphuno kumva ma aldehyde. Anthu awiri akhoza kudya m'mbale imodzi, wina n'kumva kununkhira, mnzake n'kumva sopo, onse osanama. Chibadwa sichifotokoza zonse, pakuti kuzolowera nakonso kuli ndi mbali yake, koma kwa mayiyu zimenezi zinali zokwanira. Anasiya kukwiya.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdzukulu uja anawerenganso kuti masamba a dhania akasinjidwa n'kusiyidwa kanthawi, fungo laukali lija limachepa, chifukwa zinthu zina za m'tsambamo zimayamba kuphwanya ma aldehyde. Choncho mayiyu anasintha ndondomeko. Tsopano amayamba ndi kusinja kachigawo kamodzi ka adyo, kachidutswa ka kambuzi ndi mchere wongotsina ndi zala ziwiri. Akatero amaikamo dhania wodzaza dzanja limodzi, theka la amene ankaika kale, pamodzi ndi timitengo take tanthete, n'kusinja mpaka asalale, kenaka n'kuvundikira kwa mphindi ngati makumi awiri. Pambuyo pake amaphwanyiramo theka la peyala lakupsa, n'kuthira theka la kapu ya chambiko ndi supuni imodzi yaikulu ya mafuta. Amapala pang'ono khungu lobiriwira la kandimu kamodzi, osafika poyera, chifukwa fungo la chipatsocho lili m'khungumo. Madzi a timandimu tiwiri amathira pomalizira, chakudya chili pafupi kuperekedwa. Ukathithikana kwambiri amausungunula ndi madzi owiritsa pang'ono. Uchi saikamo, ndipo amapanga wokwanira tsiku limodzi lokha.

Sanawauze bambo ake kuti ayesenso. Anangoika kambale ka msuziwo pambali pa utaka wootcha wopanda mchere, n'kubwerera kukhitchini. Atabwera kudzachotsa mbale, anapeza nsomba yatha, ndipo m'kambale muja munali mizere ya chala. Saladi ya kabichi inali pomwepo, yosakhudzidwa. Mawa lake anawiritsa kabichiyo pang'ono, anamutsanula madzi, n'kuthirapo msuziwo atazizira pang'ono. Madalawo anadya theka. Letesi sanamulawepo mpaka lero, ndipo akuti sadzamulawa.

Matenda sanathe. Mankhwala akumwabe mmawa ndi madzulo, ndipo mwezi uliwonse mayiyu amawaperekeza kuchipatala kukayezetsa shuga ndi magazi. Koma lamba uja wabwerera m'mbuyo ndi bowo limodzi, ndipo kabotolo ka mchere kamene ankakabisa pansi pa pilo anakabweza okha kukhitchini. M'nyumbamo anthu sanagwirizane dzina la msuziwo. Mdzukulu amautchula dzina la Chingerezi la pa pepala la lesitilanti lija, mayiyu amati thendo laliwisi, pomwe bambo ake ali ndi dzina lawo. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ndipo kambale kaja sikakuoneka, amagogoda ndodo pansi n'kuitana ali pakhonde pomwepo.

"Mwanawe, kodi sopo uja lero kulibe?"