Kusakila mbalame wekha mu komboni ni nchito

Zambia ili na mitundu ya mbalame yopitilila 750, koma ukaima pa mseu mu Kanyama kapena mu Chawama ungaganize kuti ilipo itatu chabe: khwangwala wa pa chishala, njiwa za pa malata na mpheta za pa chigayo. Ine ndine mmodzi wa aja odzuka 05 hours pa Sondo kukasakila zotsalazo. Ndimapita ndekha, ndaba nthawi imeneyo anzanga ndiye akuchoka ku club.

Vuto loyamba ni mitengo. Pamene panali mango manje pali chipinda cha lendi, ndipo mbalame siikhala pa mabuloko. Lachiwili ni chongo. Ukangomva kaphokoso kachilendo mu kotapela, kondakita wayamba kale kuitana "Town! Town!", uku genset ya pa barbershop yalila. Lachitatu ni anthu. Yesani kuima pafupi na wall fence ya munthu mutagwila binoculars. Mudzamva, "Imwe, muyang'ana chani pa yadi yanga?" Mukati mbalame, amakuyang'anani monga kawalala wosadziwa kunama.

Ndiye ndimathawila ku Goma Lakes pa UNZA, kufupi na Kalingalinga, kumene kuli madzi na mitengo. Kakowa savuta, ni woyela ndipo amaima poyela. Tovuta ni tuja tung'ono tobisala m'masamba. Kamaimba pamwamba pa mutu wako mphindi 20, khosi mpaka kuwawa, ukasuntha phazi kapita. App ya Merlin pa foni nthawi zina imakuuza dzina, koma la Chizungu, ndipo bando nayo siidikila.

Chowawa maningi n'chakuti ulibe mboni. Ukaona chinthu chokongola, palibe womugwila phewa n'kunena "waiona?" Pali mbalame yochedwa Chaplin's barbet, imene dziko lonse lapansi imapezeka muno mu Zambia mokha, m'mikuyu ya kumadela a Choma. Nditaiona ndekha, ndani angandikhulupilile?

Zoona, kuli BirdWatch Zambia, bungwe limene linayamba mu 1969 monga Zambian Ornithological Society, ndipo amayenda m'magulu. Koma naonso komboni ili na akatswili ake amene sitiwawelengela. Ambuya ogulitsa tomato pa Mtendere akamva kulila chabe, amadziwa kuti uyu ni pumbwa, uyo ni nanchengwa. Kamwana ka malegeni kamaona chisa pamene ine ndikuona masamba.

Ngati mufuna kuyesa, musapite mwekha. Tengani ambuya akupatseni maina, tengani na kamwanako, koma malegeni katsiye kunyumba. Mitengo ikutha, ndipo odziwa mainawo akukalamba. Tikachedwa, ana athu adzadziwa nkhwazi ya pa mbendela chabe.