Umboni Wobisika M'khutu

Mayi wina wa ku Mbamba Bay, m'boma la Nyasa ku Tanzania, akusungabe kabotolo ka mankhwala a khunyu a mwana wake. Mnyamatayo anali msodzi wa usipa, mmodzi mwa aja amene nyali zawo zimaoneka panyanja usiku. Tsiku lina anzake anakocheza popanda iye, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masiku atatu.

Maliro asanathe, manong'onong'o anali atafika kale kudoko: akuti anagwa m'bwato chifukwa anali atasuta chamba. Mayiyo ankakhulupirira kuti mwana wake anagwidwa ndi matenda ake. Koma akanawatsutsa ndi chiyani? Kunyanja kumatentha, magazi a munthu wakufa sachedwa kuwonongeka, ndipo malabotale a boma oyeza poizoni ali kutali, ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam.

Akatswiri akufufuza njira ina yopezera umboni wotere, ndiyo kuyeza phula la m'khutu. Phulali ndi mafuta osakanikirana ndi thukuta ndi tizikhungu takufa, ndipo limatuluka pang'onopang'ono, motero limasunga zizindikiro za mankhwala nthawi yaitali kuposa magazi. Mu 2017, ofufuza a pa yunivesite ya Goiás ku Brazil anapeza mankhwala a khunyu monga carbamazepine ndi phenytoin m'phula la odwala. Chaka chomwecho, anzawo a ku Germany anapeza cocaine ndi methadone m'phula la mitembo, ngakhale kuti chamba sichinkaoneka kawirikawiri.

Njirayi idakali pa kafukufuku, ndipo siingayankhe funso lililonse. Komabe ubwino wake ndi woonekeratu kwa anthu okhala kutali ndi mizinda: kutenga phula sikufuna jakisoni kapena kung'amba thupi, chinthu chimene mabanja ambiri amachikana.

Nkhani yotere imaoneka ngati ya madokotala ndi makhoti okha. Koma pamudzi, chimene chinapha munthu chimatsala ngati mbiri yake, ndipo ana ake amakula nacho. Umboni ukasowa, mphekesera ndi imene imaweruza.

Mwana wa malemuyo tsopano wayamba sukulu. Anzake akamunena kuti ndi mwana wa wachamba, amabwera kunyumba akulira. Agogo ake amatulutsa kabotolo kaja n'kumuuza kuti, "Mdzukulu wanga, atate ako ankadwala."